Chimene Chinkawakha M'nsungwi

Iwe wamaliza chimanga chakowe, usaponye chitsononkho kumdima. Chiike pansi pomwepo, tidzasesa mawa. Ngati ukufuna kudziwa chifukwa chake, khala bwino ndikuuze zimene zinagwera banja lina ku Thyolo, monga mmene anandifotokozera Ndaziona, yemwe analipo kuyambira pachiyambi mpaka kumanda.

Ndaziona anakwatiwa ndi Lonjezo Makwinja, wokonza magetsi pa fakitale ina ya tiyi. Ankakhala m'nyumba ya njerwa zootcha kumapeto kwa munda wa tiyi, patali ndi nyumba za anzawo. Kuseri kwa nyumbayo kunali phata la nsungwi lakalekale, lothithikana moti nkhuku ikalowamo sinkaonekanso. Anali ndi mwana mmodzi wongoyamba kumene kukwawa, dzina lake Talandira. Mlongo wake wa Ndaziona, Yankho, ankakonza njinga zamoto pamsika wapafupi. Anali munthu wosakwatira, wanthabwala, wokonda mtsutso, ndipo Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankabwera kudzacheza.

Chimene chinkamukokera kumeneko anali masewero amene Lonjezo anaphunzira kwa anzake ali pasukulu ya zamagetsi ku Blantyre. Sanali bawo, sanalinso makhadi. Ankayala chikatoni patebulo, chojambulidwa mitsinje, mapiri ndi midzi ya dziko longopeka. Aliyense anali ndi munthu wake m'dzikomo, woimiridwa ndi chitsekerero cha botolo. Lonjezo ndiye anali mwini nkhani. Ankafotokoza zimene anthuwo akumana nazo panjira, kaya achifwamba pamlatho kaya chilombo m'phanga, ndipo osewera ankanena chimene munthu wawo achite. Kenako ankagubuduza dayisi, kanthu ka mbali zisanu ndi imodzi zamadontho, kuti aone ngati zatheka. Pakabuka mkangano, mawu a mwini nkhani ndiwo anali lamulo.

Munthu wa Ndaziona anali mayi wodziwa mankhwala a zitsamba. Wa Yankho anali mlenje wa manja achangu, wotha kuwakha muvi uli m'mwamba. Pa mlenje ameneyu ndi pamene alamu awiriwa ankasemphana. Lamulo la Lonjezo linali lakuti wina akakuponyera muvi, mkondo kapena mwala, dayisi nkukukomera, ndiye kuti wawakha. Koma uyenera kubweza nthawi yomweyo, ndiponso kwa yekhayo amene wakuponyera. Yankho ankakana. Ankati chimene wawakha ndi chako, monga bango lakupsa logwera m'manja mwako, palibe angakuuze nthawi yolidyera. Ukhoza kuchisunga mpaka tsiku limene wafuna, ndipo ukhoza kuchiponyera aliyense amene wamusankha. Anakangana Lamulungu lina, lotsatira anakangananso mpaka tiyi anazizira m'makapu. Ndaziona atatopa nazo anapempha mwamuna wake kuti angowalola achimwene, masewero apitirire.

Inali nyengo ya chimanga chachiwisi. Mvula inali itangokata, m'nyumba munali chifundizi, ndipo zenera loyang'ana kunsungwi linali lotsekula. Lonjezo anaimirira, nalankhula ndi mawu okuya aja amene ankayankhulira akamalamula m'masewero.

"Chabwino alamu, mwapambana. Kuyambira lero wowakha asunge chimene wawakha mpaka pamene afuna, ndipo abwezere amene afuna. Koma lamulo likalowa silisinthanso mpaka masewero atatha."

Nsungwi zinalira kuti kwee, monga zimachitira zikamakhulana ndi mphepo. Ndaziona anasuzumira pazenera kuti aone ngati mvula ikubwereranso, chifukwa anali atayanika matewera a mwana. Matewerawo anali lende pachingwe, osagwedezeka nkomwe.

Mawa lake masana Ndaziona anakhala pakhonde la kuseri akudya chimanga chootcha. Atamaliza anaponya chitsononkho kunsungwi monga ankachitira masiku onse, nawerama kuti anyamule mwana. Chitsononkho chija chinagwa pakati pa mapazi ake. Sichinagwe mwamphamvu. Chinabwera ngati chimene munthu wakupatsira mwaulemu. Iye anaganiza kuti ndi ana a anthu othyola tiyi, nawakalipira kuti atuluke. Anazungulira phata lonse ali ndi mwana kumsana. Matope anali ofewa, koma munalibe phazi la munthu aliyense kupatula lake.

Sanamuuze mwamuna wake. Koma sabata isanathe Lonjezo anagenda galu wachilendo amene ankanunkhiza pa khola la nkhuku. Mwala unaphonya galuyo nulowa m'nsungwi. Lonjezo atatembenuka kuti alowe m'nyumba, mwalawo unagunda beseni limene linali pafupi ndi mwendo wake. Anautola, nauyang'ana nthawi yaitali. Unali womwewo, wokhala ndi mzere woyera pakati, ndipo unali wofunda ngati wachokera m'chikhatho cha munthu.

Yankho atamva zimenezi anaseka mpaka kugwetsa misozi. Anati mwina ndi pusi amene waphunzira ulemu. Anapisa m'thumba la ovolosi yake, natulutsa nati ya njinga, naiponya m'nsungwi. Sipanamveke kugwa kwake. Panangomveka kaphokoso kofewa kuti phwa, ngati kanthu kagwera m'dzanja. Kenaka natiyo inatuluka ikubwera molunjika pachifuwa pake, ndipo iye anaiwakha. Anaima kanthawi kukamwa kuli yasa. Ndiye anaponyanso.

Kuchokera tsiku limenelo Yankho sankadikiranso Lamulungu. Ankatseka msanga pamalo ake a ntchito nkubwera dzuwa lisanalowe, matumba ali odzaza ndi manati, mabawuti ndi zitsekerero. Ankaima kuseri kwa nyumba nkumaponya, nkumawakha, akuyankhula ndi nsungwi monga munthu amayankhulira ndi mnzake wa pabawo. Ndaziona anamudandaulira kuti asiye, chifukwa munthu sasewera ndi chinthu chimene sakuchiona nkhope. Iye ankangoti chakhala chokha nthawi yaitali, chikungofuna mnzake.

Pang'onopang'ono zinthu zinayamba kusintha. Zoponyedwa zija zinayamba kubwera ndi mphamvu, moti Yankho ankabwerera kwawo zikhatho zili zofiira. Kenako zina zinayamba kusabwera. Ankaponya bawuti, nkumva phwa uja, nkudikira manja ali okonzeka mpaka mdima, koma osaona kanthu. M'nyumba namo tinthu tinayamba kusowa: sipuni ya tiyi, chipeso cha mwana, ndipo pamapeto pake dayisi ya Lonjezo, imene ankaisunga m'kachitini pamwamba pa kabati. Nkhuku zinasiya kupalasa kuseri kwa nyumba. Zinkazungulira kumaso, ngakhale Ndaziona awaze madeya mbali ya kunsungwi.

Tsiku lina m'mawa Lonjezo akutsuka m'kamwa pakhonde, kanthu kanamumenya paphewa mwamphamvu mpaka anagwetsa kapu. Linali bawuti lalikulu la giriisi wakuda. Yankho analiponya masiku apitawo, ndipo m'mawa umenewo iye anali kwawo kumsika, sanali pamalopo. Madzulo ake alamu awiriwa anakhala patebulo, bawutilo lili pakati pawo. Lonjezo ndi amene anayamba kunena chimene onse ankachiganiza: chinthucho chinasunga bawutilo mpaka pamene chinafuna, ndipo chinasankha chokha womuponyera. Yankho sanaseke, ndipo kuyambira tsikulo anasiya kuponya.

Sabata yomweyo Ndaziona akuchokera kuchigayo anadutsa kanjira ka m'munda wa tiyi. Linali dzuwa la masana, othyola onse anali atapita kukapimitsa masamba awo. Patsogolo pake panaima bambo wina wovala chikhothi chakale cha m'munda, chipewa chitatsikira kumaso, dengu lothyolera tiyi lili kumsana. Manja onse awiri anali atawabisa kumbuyo. Ndaziona anapatuka nawapatsa moni monga mwa mwambo, koma bamboyo sanayankhe moniwo.

"Achimwene anu asiya bwanji? Ife tidakali m'masewero."

Ndaziona ananena kwa ine kuti mawuwo sanali aukali. Anali ngati a munthu wofunsa za mnzake amene sanabwere ku mpira. Iye anapitirira ndi mtolo wake wa ufa. Akudutsa anamva tizitsulo tikugundana m'dengu muja. Atafika pokhota anacheuka, ndipo anangoona tiyi wobiriwira mpaka kuphiri. Mpaka lero satha kunena ngati bamboyo anali wamtali kapena wamfupi, wokalamba kapena ayi.

Atafotokoza zimenezi kunyumba, atatuwo anagwirizana kuti pasapezeke woponyanso kanthu kuseri kwa nyumba. Zinyalala ankazinyamula nkukaziika m'dzenje. Kwa kanthawi kunakhala bata, ndipo Lonjezo anayamba kunena kuti mwina chatopa. Koma m'nsungwi munali mutatsala zinthu zambiri zimene zinali zisanabwezedwe.

Lamulungu lina atachokera kutchalitchi, Ndaziona anakhazika Talandira pamphasa pamthunzi wa khonde, iye akusenda mbatata pambali. Yankho ndi Lonjezo anali m'nyumba. Panamveka kulira kwa chinthu chodutsa m'mphepo, kenaka mwana anakhala chete kaye, ndipo anayamba kulira kulira kumene mayi aliyense amakudziwa. Nati yaing'ono inali itamung'amba pamphumi, pamwamba penipeni pa diso. Magazi anatsikira kumaso mpaka pa diresi lake la kutchalitchi.

Yankho atatuluka nkuona magaziwo, ndi nati yake ili pamphasa, anatsika pakhondepo. Anatenga nkhwangwa imene inali pa mulu wa nkhuni napita kunsungwi. Lonjezo anamuitana kuti abwerere koma sanamve. Anayamba kutema ndi mphamvu zake zonse, akutukwana, nsungwi zikung'ambika. Atakweza nkhwangwa kuti atemenso, chitsulo chinaguluka pampini, chinazungulira m'mwamba, nkulowa pakati pa phata.

Onse anamvetsera. Chitsulo cholemera chotere chikanathyola nthambi, chikanagunda pansi. Chimene anamva ndi phwa.

Yankho anatsala ataima ndi mpini wokha m'manja. Kenaka anagwada m'matope.

"Sindinaponye. Mwaona nokha, yaguluka yokha. Imeneyo siili m'masewero."

Lonjezo anathamangira m'nyumba, naima pazenera paja, nalengeza kuti lamulo labwerera mwakale, kuti wowakha abweze pomwepo kwa woponya yekha. Analengeza kawiri. Yankho anadzuka nafika pazenerapo, namuyang'ana.

"Alamu, munanena nokha kuti lamulo likalowa silisintha. Chinamva zonse."

Anatengera mwana kuchipatala, ndipo anamusoka. Pobwerera sanagone m'nyumbamo, anakapempha malo kwa anzawo. Akuluakulu a mpingo anabwera kudzapemphera, koma onse anaima kumaso kwa nyumba, palibe analimba mtima kuzungulira kuseri. Wina anati nsungwizo zitenthedwe. Yankho anafunsa kuti ndani akaike motowo, popeza kuuponya sikungatheke, ndipo kuti ukaikidwe pafunika munthu afike pafupi. Nkhaniyo inathera pomwepo.

Lonjezo anapeza nyumba ina ku Luchenza. Akulongedza katundu, Ndaziona anapeza mlongo wake akulowetsa matiresi ake m'chipinda chimene iwo ankatulukamo. Anamufunsa ngati wapenga. Yankho anayankha mofatsa kuti chinthucho chili ndi ufulu wosankha, ndipo ufulu umenewo anaumenyera ndi iye mwini. Nyumba ikakhala yopanda munthu, abwana a pafakitale aikamo banja lina, mwina la ana ambiri osewera kuseri. Kapenanso chikasowa woponyera chidzanyamuka kukafunafuna, popeza chinaonetsa kale kuti chimayenda m'njira za m'munda.

"Mlongo wanga, pakakhala munthu mmodzi yekha pabwalo, palibe chosankha. Tengani mwana muzipita."

Ndaziona analira, anamugwira malaya, anamuuza kuti mayi awo akanakhala moyo sakanalola. Iye anangomuchotsa manja pang'onopang'ono nakamukweza pagalimoto.

Anthu othyola tiyi ndi amene ankamuona masiku otsatira. M'mawa asanapite kuntchito, ndiponso madzulo akabwerako, ankaima kuseri kwa nyumba atayang'ana nsungwi, miyendo itatalikirana, manja ali patsogolo. Tinthu tating'ono tija tinkabwera kamodzikamodzi: manati, mabawuti, sipuni, chipeso. Tina ankawakha, tina tinkamumenya, ndipo nkhope yake inadzaza zipsera. Anaonda. Nthabwala zinamuthera. Mvula inatha, kunabwera chiperoni, chiperoni chinatha, masamba a nsungwi anayamba kuuma. Nkhwangwa yokha sinabwere.

Inabwera tsiku lina lotentha, dzuwa lili paliwombo, iye akutunga madzi mu mgolo atafulatira. Anati anamva nsungwi zikulira kuti kwee, ndipo thupi linatembenuka lokha. Amayi awiri amene ankadutsa anamupeza atakhala pansi atatsamira mgolo, malaya onse ali magazi. Zala ziwiri za dzanja lamanja zinali pansi. Koma chitsulo cha nkhwangwa chinali m'manja mwake, atachikumbatira pachifuwa.

Kuchipatala anamwino analephera kumulanda. Anamusoka dzanja lamanja chitsulocho chili kumanzere. Ndaziona atafika anamupeza akumwetulira, koyamba m'miyezi yonseyo.

"Ndawakha. Tsopano nthawi yoponya ndi yanga, ndipo ndikhoza kusunga mpaka pamene ndifuna."

Anasunga. Anasoketsa kathumba ka chikopa, naikamo chitsulocho, nakamangirira m'chiuno ndi mphira wa chubu cha njinga. Ankagona nacho, ankasamba nacho, ankapita nacho kutchalitchi. Anabwerera m'nyumba yomweyo, ndipo kuyambira pamenepo palibe chinatulukanso m'nsungwi. Iyenso sanaponyenso kanthu moyo wake wonse. Mnyamata wa pamsika akamupempha sipanala, ankadzuka nkukamupatsa m'manja. Khoko la nthochi ankayenda nalo mpaka kudzenje nkuwerama. Ana a m'deralo ankamuseka, koma makolo awo ankawaletsa.

Ndaziona ankabwera kudzamuona, koma Talandira ankamusiya kunyumba. Ananena kuti nthawi zina akakhala pakhonde dzuwa likupendeka, kunsungwi kunkamveka munthu akutsokomola pang'ono, monga amachitira mlendo amene wakhalitsa pakhomo osalandiridwa. Yankho ankangogwira kathumba kake nkupitiriza nkhani.

Zaka zinapita. Talandira anakula, anakwatiwa, kachipsera kali pamphumi. Yankho anamera imvi m'nyumba ija yekha. Chifuwa chitamugwira, nkuona kuti sadzukanso, anaitanitsa mlongo wake. Anamupempha zinthu ziwiri. Choyamba, chitsulocho adzachiike m'dzanja lake m'bokosi, osati pambali. Chachiwiri anachinena atamukokera pafupi.

"Pamaliro anga pasadzapezeke woponya dothi. Ngakhale kambewu kamodzi. Mudzaliike ndi manja."

Anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Ndaziona ndi Lonjezo anafotokozera adzukulu, anthu okumba manda aja, ndipo iwo anavomera mosavuta chifukwa nkhaniyo ankaidziwa. Anagwirizana kuti awiri atsikire m'dzenje, anzawo aziwapatsira dothi m'malichero, iwo aziliyala. Abale anauzidwa. Amayi a nyimbo anauzidwa.

Amene sanauzidwe anali mkulu wa mpingo wotsogolera mwambowo. Abusa a pamalopo anali atadwala, ndipo m'malo mwawo munabwera bambo wina wochokera kutali, amene anafika mochedwa anthu ali kale kumanda. Bokosi litatsitsidwa anatsekula buku lake nayamba kuwerenga. Atafika pa mawu onena kuti dothi libwerera kudothi, anachita chimene anachita pa maliro ambirimbiri. Anawerama, natapa dothi lodzaza dzanja, naliponya m'dzenje. Ndaziona anatambasula mkono, koma anachedwa.

Amene munaikapo maliro mukudziwa mmene dothi loyamba limamvekera likagunda bokosi. Anthu onse anali chete, ndipo dzenjelo silinali lakuya kwambiri. Phokoso limenelo silinamveke. Mdzukulu amene anali pafupi anasuzumira. Pamwamba pa bokosi panali poyera, popanda ngakhale fumbi.

Mkuluyo anapukuta dzanja pa buluku lake nafunsa chifukwa chake nyimbo yaima. Adzukulu anatsikira m'dzenje nayala dothi ndi manja monga analonjezera, mwakachetechete, mpaka manda anadzaza. Mwambo utatha anthu anabalalika m'magulumagulu. Lonjezo anapita kukamuthokoza mlendoyo, koma anamuthokoza ataima patali, ndipo sanamupatse dzanja.

Mkuluyo anafunsa ngati pali wina wolowera kumsewu woti ayende naye. Ambiri ankalowera komweko. Onse anapeza chowachedwetsa: wina anamanga nsapato, wina anabwerera kukatenga khasu. Anadikira pang'ono, kenako ananyamula buku lake nalowa yekha m'kanjira ka m'munda wa tiyi. Anthu anamusiya apite patali ndithu asanayambe kumutsatira.